Kompyuta ikangoyaka intaneti ya panyumba imaduka: mmene mungapezere gwero la vutoli

Vutoli limabwera motere. Rauta ikugwira bwinobwino, mafoni onse m'nyumba ali pa WhatsApp, ndiye wina akangodina batani loyatsira kompyuta, intaneti imaduka kwa aliyense. Nthawi zina imabwerera yokha pakapita mphindi zingapo, nthawi zina mpaka kompyutayo itazimitsidwa. Ambiri kuno ku Salima amathamangira kunena kuti ndi netiweki. Ena amasintha simu khadi, ena mpaka kukwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula rauta ina, n'kudzapeza kuti yatsopanoyo ikuchitanso zomwezo. Nsanja ya netiweki ilibe njira yodziwira kuti inu mwadina batani la kompyuta. Vuto likamachitika nthawi zonse kompyuta ikangoyaka, gwero lake lili m'nyumba mwanu momwemo, ndipo kulipeza sikulira ndalama.

Mayeso awiri musanagule chilichonse

Khalani pafupi ndi rauta mutagwira foni yomwe ili pa Wi-Fi ya panyumbapo, mnzanu akayatse kompyuta. Maso anu akhale pa timagetsi ta kutsogolo kwa rauta. Ngati tonse tathima kamodzi, kenako n'kuyamba kuyaka kamodzikamodzi, ndipo dzina la Wi-Fi lasowa pa foni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti rauta yazima n'kuyambiranso. Kawirikawiri limenelo ndi vuto la magetsi. Ngati timagetsi tangokhala chiyakire, foni ikuonetsabe kuti ili pa Wi-Fi koma uthenga sukupita, rauta ili moyo, chasokoneza ndi zimene kompyuta ikuchita ikalowa pa netiweki. Onetsetsaninso nthawi yake. Kuduka kochitika batani litangodinidwa, sikirini isanaonetse kanthu, sikungakhale kwa Windows, chifukwa pa nthawiyo Windows imakhala isanadzuke. Kuduka kobwera mutalemba kale pasiwedi kumaloza ku mapulogalamu.

Mayeso achiwiri ndiwo amadula mlandu. Zulani chingwe cha netiweki kumbuyo kwa kompyuta. Ngati imalowa pa intaneti ndi kachipangizo ka Wi-Fi ka pa USB, kazuleni. Ngati ndi laputopu, ikani Airplane mode musanayizimitse. Tsopano iyatseni ili yosalumikizidwa chonchi. Intaneti ikadukabe pa mafoni, vuto ladutsira ku magetsi kapena ku phokoso la zipangizo (osati lomveka m'makutu, koma losokoneza mafunde a netiweki), popeza palibenso njira ina yomwe kompyutayo ikukhudzira rauta. Ikapanda kuduka, dikirani mphindi zisanu, lowetsani chingwe chija, muone chimene chichitike. Ikaduka pamenepo, dumphani nkhani ya magetsi muyambire pa ya maadiresi. Bwerezani mayesowa kawiri kapena katatu, chifukwa kamodzi kokha mukhoza kupusitsidwa ndi kuduka wamba kwa netiweki.

Rauta ikamazima n'kuyambiranso

M'madera otentha a m'mbali mwa nyanja, ili ndilo loyamba kulikayikira. Kompyuta ya patebulo ili ndi bokosi la magetsi mkati, lija amati power supply. Mukatsegula switchi ya pakhoma, bokosilo limakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi kuti lidzaze makapasita ake, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso likhoza kukoka ma ampere makumi angapo. Mukadina batani, mafani, disiki ndi purosesa zimanyamukanso nthawi imodzi. Kompyutayo ikakhazikika imangodya 100W kapena 200W pamodzi ndi sikirini, koma kukoka koyambako n'kokwanira kugwetsa magetsi pa waya umene ikugawana ndi rauta. Zili ngati pompi ya kubafa imene imafooka wina akatsegula ya panja kuti adzaze diramu. Amene muli ndi bizinesi yosindikiza ndi kuchita fotokope kunyumba, kumbukirani pulinta ya laser: ikamayaka imayamba yatenthetsa chitsulo chake chomatira inki, ndipo pamenepo imadya mawati mazana angapo, zina kuyandikira 1,000W. Kawirikawiri anthu amaimba mlandu kompyuta pomwe wolakwa ndi pulinta yomwe imayaka nayo limodzi pa extension imodzi.

Rauta yambiri imagwiritsa ntchito adaputala ya 12V, 1A kapena 1.5A. Adaputala yatsopano imapirira kutsika kwa magetsi kwa kanthawi chifukwa makapasita a mkati mwake amasunga mphamvu pang'ono. Kutentha kumaumitsa makapasita amenewa. Adaputala imene yakhala zaka ziwiri kapena zitatu ili chilowetsere kuseri kwa kabati, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, ikudutsa m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala wa ku Salima, imafika poti magetsi akangogwedezeka pang'ono imasiya rauta. Igwireni. Ikamatentha moti simungaisunge m'manja, ikamalira kaphokoso kosongoka, kapena pulasitiki yake ikatupa, yatha ntchito.

Yambani ndi chosalira ndalama. Chotsani rauta pa extension ya kompyuta, muilowetse pa soketi yake yapakhoma, makamaka ya chipinda china. Ma extension otsika mtengo a pamsika amakhala ndi tiwaya topyapyala ndi tizitsulo tomwe timamasuka msanga, choncho magetsi amagwera momwemo. Onaninso pulagi. Maadaputala ambiri amabwera ndi mano awiri ozungulira, pamene soketi zathu ndi za mano atatu, ndiye anthu amatsegula bowo la pamwamba ndi kamtengo ka machesi n'kukankhira pulagiyo mkati. Imalowa, koma siyigwira bwino. Mukaigwedeza ndi chala timagetsi ta rauta n'kuphethira, mwapeza vuto. Gulani chosinthira mano cholimba. Soketi yomwe ili ndi zipsera zakuda kapena fungo la pulasitiki yopsa, lekani kuigwiritsa ntchito mpaka wamagetsi aisinthe.

Ikapitirirabe, bwerekani adaputala ina muyesere. Werengani zolembedwa pa yakaleyo pomwe pali mawu akuti Output. Nambala ya V ifanane ndendende: ngati ndi 12V, inayo ikhalenso 12V. Nambala ya A ikhoza kufanana kapena kuposa, koma isachepere, ndiye kuti ya 2A ikhoza kulowa m'malo mwa ya 1A popanda vuto. Pali kachizindikiro koonetsa ngati pakati pa kamutu kake ndi + kapena −, nakonso kafanane, ndipo kamutuko kalowe mothina. Chaja ya laputopu musayese, ngakhale kamutu kake katalowa: zambiri zimatulutsa 19V ndipo rauta ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Chinanso chofunika kudziwa, adaputala yofooka mukaiyeza ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) ili yosalumikizidwa imaonetsa 12V bwinobwino, imagwa pokhapokha ikasenza katundu. Kuyesa ndi ina ndiko kodalirika.

Amene mumadalira sola, nkhani imakula pang'ono. Invetala ikamapereka 300W, ku batire la 12V imakoka ma ampere oposa 25. Mawaya a pakati pa batire ndi invetala akakhala aatali kapena opyapyala, kapena mitu ya batire ikachita zoyera zija zonga ufa, mphamvu imatsika isanafike. Invetala zambiri za 12V zimadzizimitsa mphamvu ikatsika kufika cha m'ma 10.5V, ndipo zina zimalira kaye. Zikadzizimitsa ngakhale kwa sekondi imodzi, rauta yapita. Chizindikiro chake n'chakuti masana dzuwa likuswa mtengo vuto kulibe, koma madzulo ndi m'mamawa limabwera. Ikani multimeter pa mitu ya batire mnzanu akuyatsa kompyuta, kenako muyezenso polowera pa invetala. Batire labwino lodzaza, litapuma, limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likamagwa kwambiri kompyuta ikamayaka, batirelo latopa. Ngati pa batire pali bwino koma pa invetala patsika ndi theka la volt kapena kuposa, vuto ndi mawaya: afupikitseni, ikani onenepa, palani mitu, mangitsani. Yatsaninso zinthu motsatana, invetala kaye, kenako kompyuta, sikirini pambuyo, pulinta pomaliza ndipo pokhapokha ikufunika. Dishi ya Starlink imavutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa payokha imadya mawati makumi angapo, ndipo ikazima imatenga mphindi zingapo kuti ipezenso masetilaiti.

Mankhwala okhalitsa ndi mini UPS, kabokosi ka batire komwe kamakhala pakati pa adaputala ndi rauta. Magetsi akagwa kapena akathima, rauta siimva kanthu. Pogula onetsetsani kuti kali ndi potulukira 12V ndipo ma ampere ake akukwanira rauta yanu. Ife timaona kuti imeneyi ndi ndalama yogwiritsa bwino ntchito kuposa kugula rauta yachiwiri. Kulumikiza rauta mwachindunji ku batire la sola sitikulimbikitsa popanda regulator, kachipangizo koletsa mphamvu kukwera kapena kutsika, popeza batire likamatchajidwa limafika 14V ndi kupitirira.

MiFi ili ndi msampha wake. Ambiri amaitchajira pa USB ya kompyuta. Kompyuta ikamayaka, magetsi a pa USB amaduka n'kubwereranso, ndipo MiFi ya batire lotopa kapena lotupa imazima pomwepo. Itchajireni pa chaja ya pakhoma ya 5V. Batire lotupa lichotseni lisanaphulike, makamaka nyengo yotentha.

Rauta ili moyo koma kompyuta yasokoneza maadiresi

Chipangizo chilichonse pa netiweki ya panyumba chimalandira nambala yake, adiresi ya IP, ndipo amene amagawa ndi rauta. Rauta nayo ili ndi yake: za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, za ZTE ndi TP-Link nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Yanu yalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Makompyuta ambiri amene tili nawo anagwirapo ntchito kwina, m'maofesi, m'masukulu kapena kunja, ndipo ena amabwera ndi adiresi yolembedwa pamanja yomwe mwini wakale anaiika. Adiresiyo ikafanana ndi ya rauta yanu, kompyuta ikangolowa pa netiweki imayamba kuyankha m'malo mwa rauta, mafoni n'kumatumiza zonse kwa iyo, iyo n'kulephera kuzipititsa. Ikafanana ndi ya foni imodzi, foni yokhayo ndiyo imaduka.

Kukonza kwake: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani Enter. Dinani kumanja pa Ethernet kapena Wi-Fi, sankhani Properties, kenako dinani kawiri pa Internet Protocol Version 4. Mukapeza manambala olembedwa m'mabokosimo, ajambuleni kaye ndi foni, kenako sankhani Obtain an IP address automatically ndi Obtain DNS server address automatically. Zimitsani kompyuta ndi rauta, yatsani rauta yokha mpaka ikhazikike, kompyuta pambuyo. Kuti mutsimikize, dinaninso Windows ndi R, lembani cmd, dinani Enter, ndipo mu windo lakuda lotsegukalo mulembe ipconfig. Pa Default Gateway pakhale adiresi ya rauta, ndipo pa IPv4 Address pakhale nambala yoyamba chimodzimodzi koma yothera kwina. Nambala yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti kompyuta yapempha adiresi koma palibe waiyankha.

Muli pomwepo pa ncpa.cpl, onani zinthu zina ziwiri. Choyamba, mu Properties muli tsamba la Sharing. Wina akanachonga Allow other network users to connect, Windows imayamba kugawa maadiresi yokha ngati kuti ndi rauta yachiwiri, ndipo maadiresi ake amayamba ndi 192.168.137. Tsegulani tsatanetsatane wa Wi-Fi pa foni yomwe yaduka. Mukaona nambala imeneyi, mwamugwira. Chotsani chongacho. Chachiwiri, ngati pali kachithunzi kolembedwa Network Bridge, kafufuteni. Kompyuta yolumikizidwa ku rauta imodzi ndi chingwe komanso Wi-Fi, ziwirizo zitamangidwa ndi bridge, imachititsa kuti mauthenga azingozungulira osatha mpaka rauta kulemedwa, timagetsi take n'kumaphethira mothamanga tonse pamodzi. Zomwezo zimachitika mwana akalowetsa mbali zonse ziwiri za chingwe chimodzi m'mabowo a rauta.

MiFi ndi marauta ang'onoang'ono alinso ndi malire a zipangizo zomwe angalandire nthawi imodzi, ambiri 10 kapena 16. Pakhomo pomwe pasiwedi inafika kwa anansi, kompyuta ikhoza kukhala yodzazitsa malirewo. Lowani pa tsamba la rauta polemba adiresi yake mu Chrome, muwerenge zipangizo zolumikizidwa, ndipo mukapeza zachilendo sinthani pasiwedi.

Kompyuta ikameza netiweki yonse

Apa intaneti siidukadi, imangodzazidwa. Windows ikadzuka, zinthu zambiri zimathamangira pa intaneti inu musanatsegule kalikonse: Windows Update, antivirus, OneDrive, Google Drive, Chrome, mapulogalamu okokera mafilimu. Choopsa kwambiri si kukoka ayi, koma kutumiza. Njira yotumizira ya 4G ndi yopapatiza kuposa yolandirira, ndipo ikadzaza, ngakhale tinthu tating'ono tomwe foni imatumiza popempha tsamba timaima pamzere. Kompyuta yomwe ikukweza zithunzi za ukwati ku Google Drive ikhoza kuimitsa nyumba yonse chonsecho timizere ta netiweki tili todzaza. Kumadera otalikirana ndi nsanja, monga midzi ya kunja kwa Khombedza kapena njira ya ku Lifuwu, izi zimaoneka msanga chifukwa liwiro limakhala lochepa kale.

Pali njira yoonera ndi maso. Tsegulani mawindo awiri a cmd. Mu loyamba lembani ping -t ndi adiresi ya rauta yanu, mwachitsanzo ping -t 192.168.8.1, mu lachiwiri ping -t 8.8.8.8, yomwe ndi adiresi ya kunja pa intaneti. Loyamba likamayankha mwachangu, ndi manambala ang'onoang'ono pa time, koma lachiwiri likukwera kufika mazana ambiri kapena masauzande, kenako n'kumalemba Request timed out, ndiye kuti m'nyumba muli bwino koma njira yotulukira yadzaza. Onse awiri akamalephera, vuto lili pakati pa kompyuta ndi rauta. Ctrl ndi C imaimitsa mayesowa.

Kuti mudziwe pulogalamu yolakwa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutsegule Task Manager, ndipo pa Processes dinani pamutu pa Network kuti yodya kwambiri ikwere pamwamba. Chitani izi kompyuta itangoyaka, osati patapita ola. Mukafuna kuona yotumiza ndi yolandira padera, dinani Windows ndi R, lembani resmon mutsegule tsamba la Network. Mu Settings, pansi pa Network & Internet, muli Data usage, yomwe imaonetsa zimene pulogalamu iliyonse yadya m'masiku 30 apitawa. Apa ambiri amapezanso kumene bandulo yawo imapita.

Zoyenera kusintha n'zochepa. Mu Settings, Network & Internet, tsegulani netiweki ya panyumba muyatse Metered connection. Imeneyi imauza Windows kuti intanetiyi ndi yogula ndi bandulo, ndipo imachepetsa zokoka zosapemphedwa. Fufuzani Delivery Optimization muzimitse Allow downloads from other PCs, kuti kompyuta yanu isamatumize ma update kwa makompyuta ena ndi ndalama zanu. Mu Task Manager, pa tsamba la Startup, dinani Disable pa mapulogalamu osafunika kuyaka okha. Mapulogalamu a torrent, aja okokera mafilimu, muwasamalire mwapadera: amatsegula malumikizano mazanamazana nthawi imodzi, rauta yaing'ono n'kulephera kuwasunga onse m'mutu mwake, ndipo ina imafika poyambiranso yokha ngati kuti magetsi athima. Ma update a Windows musawatseke mpaka kalekale, asankhireni nthawi, monga usiku pamene anthu agona.

Mukaona pulogalamu ya dzina losadziwika ikutumiza kosalekeza, kayikirani vairasi, makamaka ngati kompyutayo imalandira mafulashi a anthu ofuna nyimbo. Iyatseni mu Safe Mode with Networking, njira yoyatsira Windows ndi zofunikira zokha pamodzi ndi intaneti. Vuto likasowa mmenemo, gwero ndi pulogalamu yomwe imayaka ndi Windows. Chitani Full scan mu Windows Security. Onaninso bandulo: nthawi zina kompyuta imangoimaliza m'mphindi zochepa, ndipo chimene mukuchitcha kuduka ndi kutha kwa data.

Chingwe, phokoso ndi earth

Chingwe cha netiweki chopanikizidwa ndi chitseko, cholumidwa ndi makoswe kudenga, kapena chomwe kamutu kake kathothoka kolokera, chimachititsa kuti kompyuta ndi rauta zizingolumikizana n'kulekana. Yesani chingwe china chachifupi, ndi bowo lina la rauta. Liwiro la gigabit limafuna tiwaya tonse 8 ta mkati, pamene la 100 Mbps limagwiritsa 4 tokha, choncho mu Device Manager, pa Network adapters, Properties, Advanced, mukhoza kuika Speed & Duplex pa 100 Mbps Full Duplex. Zikakhazikika, chingwe ndicho chawonongeka. Pomwepo zimitsani Energy Efficient Ethernet kapena Green Ethernet ngati zilipo. Vuto likamabwera mukayatsa pambuyo pa Shut down koma osabwera mukachita Restart, zimitsani Turn on fast startup mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do.

Rauta musaikhazike pamwamba pa bokosi la kompyuta kapena kuseri kwa sikirini. Power supply yotsika mtengo imatulutsa phokoso lomwe limasokoneza mafunde, ndipo mabowo a USB 3.0, aja a buluu mkati, amadziwika kuti amasokoneza Wi-Fi ya 2.4 GHz, makamaka mukalowetsamo disiki yakunja. Sunthani rauta mita imodzi kapena awiri, muikweze pafupi ndi windo loyang'ana kunsanja. Ngati tsamba la rauta yanu limaonetsa SINR, nambala yoonetsa mmene mafunde a netiweki akuposera phokoso, iwerengeni kompyuta ili yozima, muiwerengenso itayaka. Ikamatsika kwambiri nthawi zonse kompyuta ikayaka, phokoso ndilo vuto. Rauta yokhala ndi 5 GHz, samutsirani mafoni kumeneko.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe simuyenera kuchichedwera. Mukakhudza chitsulo cha bokosi la kompyuta muli osavala nsapato pa simenti n'kumva kunjenjemera m'zala, soketiyo ilibe earth kapena waya wake waduka. Magetsi otayikawo amafuna njira, ndipo zingwe zolumikizidwa ku kompyutayo zikhoza kuwafikitsa ku rauta. Chimodzimodzi ngati mababu a m'nyumba amazilala firiji kapena kompyuta ikamayaka: pali polumikiza pomasuka, mwina pa bokosi la ma breaker. Izi si zokonza nokha. Zulani kompyutayo pakhoma, muitane wamagetsi wovomerezeka ayeze earth ndi mphamvu ya pa soketi, yomwe iyenera kukhala pafupi ndi 230V. Akapeza kuti magetsi akufika kale otsika pa mita, mukanene ku ESCOM. Mvula zoyamba za ziphaliwali zikayamba, muzizula chingwe cha netiweki ndi adaputala mitambo ikada, chifukwa bowo la rauta kapena la kompyuta lomwe linawombedwapo pang'ono limapitiriza kugwira mwa apo ndi apo. Lotero mumalidziwa posamutsira chingwe ku bowo lina, kapena poyesa kompyutayo ndi kachipangizo ka netiweki ka pa USB m'malo mwa bowo lake lakumbuyo.